Madala a ku Kleinmond andisokoneza mutu

Lamlungu. Tulo sitikubwera, ndipo olakwa ndi madala aja ndinawapeza akusoka ukonde padoko la Kleinmond, kuno ku South Africa.

Ine ndinangoyamba mwamacheza. Ndati, "Bambo, perlemoen uja amutha anyamata ausikuwa, eti?" Poti aliyense kuno amatero. Amamira m'madzi kukada, kumatula nkhono zimenezi pamiyala, kuziumitsa, ulendo wa ku Hong Kong. Madalawo sanadzutse n'komwe mutu. Akuti, "Mwana wanga, akuba alipo, sindikana. Koma ukafunsenso kreef."

Kreef? Nkhanu yomwe ija mabwana amaigula modula m'malesitilanti?

Ndiye anaika singano pansi. Perlemoen akakhala wamng'ono ngati chikhadabo, chigoba chake n'chosalimba, aliyense m'madzimo amamuona ndiwo. Pothawira pake ndi pansi pa sea urchin, kachilombo kobulungira, minga thupi lonse. Amakhala phee m'munsi mwa mingayo, n'kumadyako nyenyeswa za kelp, udzu wautali wam'nyanja uja umakokoloka n'kudzaunjikana pagombe. Tsono kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, kreef anachulukana kum'mawa kwa Cape Hangklip, gombe la kuno lomweli, komwe kale anali wochepa. Kreef chakudya chake ndi urchin. Anawadya mpaka psiti, kuyambira ku Betty's Bay kulowera cha ku Hermanus. Ana a perlemoen anatsala pambalambanda. Akuluakulu akutengedwa ndi anthu, ang'onoang'ono sakufika pokula, pomwe nkhonoyi imatenga zaka zambiri kuti iyambe kuswana.

Ndinafuna kuwatsutsa, kungoti poyambira panalibe. Mwina n'chifukwa chake mtima uli m'malere chonchi. Wakuba umamuitanira apolisi. Nanga kreef ungamumange? Komanso iye yemweyo kugombe lakumadzulo asodzi akudandaula kuti wachepa. Kuno ndiye woononga, uko akumulira.

Masiku ano chilichonse chikungondikwiyitsa, kaya n'chifukwa cha mphepo ya southeaster yosalekayi. Mchenga mpaka m'mano. Mayi a ana anaimba foni madzulo za fizi, ine n'kuyamba kuwafotokozera za minga ya urchin. Anangoti, "Inu, mwamwa?"

Madalawo anatchulanso ma penguin, mbalame zam'nyanja za ku Stony Point, akuti njala ikuwapha poti nsomba za sardine zachepa, koma taxi inali itayamba kuliza hutala. Mawa ndili ndi maheji a abwana oti ndidule, sindikudziwa ngati ndipeze mpata wotsikirako.