Loweruka: TV ya 4K ndi sofa ya mamita atatu

M'mawa uno ntchito inali yokhoma TV ya 4K ya mainchi 43 pabalaza. Itayatsidwa, bambo a m'nyumbamo anapukusa mutu: "Achimwene, koma sikusiyana ndi yakale ija." Sananame. Sofa yawo ili mamita 3 kuchokera pakhoma.

Nkhani yagona pa diso. Sikirini ya 4K ili ndi timadontho 3840 chopingasa ndi 2160 chotsika, tonse pafupifupi 8.3 miliyoni. Ya Full HD ili ndi 1920 ndi 1080, kungopitirira 2 miliyoni. Koma diso, ngakhale lakuthwa, limasiyanitsa timadonthoti munthu akakhala pafupi basi. Pa mainchi 43, mukadutsa mamita 1.7 ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Pa mainchi 55 malire ndi mamita 2.2, pa 65 ndi 2.6. Choncho tengani tepi, muyeze kuchokera pomwe mumakhala kufika pakhoma musanapite kusitolo. Pa mamita 3, chomwe diso lingasangalale nacho ndi sikirini yaikulu, osati timadontho tochuluka. Ma TV akuluakulu ambiri masiku ano amabwera ali a 4K kale, ndipo pa ya mainchi 32, 4K siifunikira n'komwe.

Masana vuto lina linapezeka kuseri kwa TV. Dekoda inali yolumikizidwa ndi chingwe chakale chija cha mitu itatu, yachikasu, yofiira ndi yoyera. Chingwe chimenechi sichinyamula zoposa mizere 576. TV imatenga chithunzi chaching'onocho n'kuchitambasula kuti chidzaze sikirini, ndiye nkhope zimaoneka ngati zapakidwa sera, mpira ukamathamanga umasiya mchira. Taika cha HDMI, tasintha dekoda kuti izitulutsa mizere 1080, ndipo matchanelo a HD ayera nthawi yomweyo. A SD, omwe si a HD, akhalabe ofooka, chifukwa TV singapange zomwe wailesi sinatumize.

Kuti muone 4K yeniyeni, gwero lake likhalenso la 4K, ndipo kwa ambiri gwerolo ndi intaneti. Netflix imafuna liwiro la 15 Mbps, ndipo ola limodzi limatha kudya mpaka 7 GB, pamene HD imadya mpaka 3 GB. Filimu ya maola awiri ndi 14 GB. Amene amagula bandulo ya pafoni awerengetsere bwino pamenepa. Ngati mukulumikiza kompyuta kapena makina a magemu, doko, kutanthauza polowetsa chingwe, likhale HDMI 2.0, apo ayi mupeza zithunzi 30 zokha pa sekondi m'malo mwa 60. Pa Samsung yatsaninso Input Signal Plus, pa LG Deep Colour, kuti doko ligwire ntchito yonse.

Chimene chimaonekadi ngakhale mutakhala kutali ndi kuwala ndi kuda kwa chithunzi. TV yotchipa ikhoza kulembedwa HDR (luso loonetsa bwino kuwala ndi mdima) pakatoni koma kuwala kwake n'kukhala ma nits 300 (nit ndi muyeso wa kuwala kwa sikirini), ndipo zithunzi zausiku zimangoti bii. Yang'anani yofika 600 kapena kuposa. Pa makonzedwe a chithunzi, muichotsenso pa Vivid, imene amayatsa m'sitolo kuti ikope maso, muike pa Movie kapena Cinema.

Madzulo tisanachoke taika chotetezera magetsi pa soketi, poti magetsi akabwera mwamphamvu atazima, bolodi ya pawa ndiyo imayamba kupsa. Sofa yasunthidwa kufika mamita 2, pomwe tebulo yalola.