Kuwonjezera Mota pa Thalakitala ya Magetsi ya Elec-Trak

Thalakitala yanga ya kudimba ndi Elec-Trak, imodzi mwa zimene kampani ya General Electric inkapanga m'chigawo cha New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, isanagulitse ntchitoyi ku kampani ya Wheel Horse. Ndinaigula itakhalitsa m'galaja, ndipo chimene chinandikopa kwambiri ndi nzeru imene amisiri ake anagwiritsa ntchito pa zida zomangirirapo.

Pa thalakitala ya petulo, mphamvu imachoka ku injini n'kufika ku chida kudzera m'malamba kapena shafuti. Pa Elec-Trak chida chilichonse chimabwera ndi mota yakeyake, ndipo chochokera ku thalakitala ndi chingwe cha magetsi chokha. Makina otchetchera kapinga amakhala kutsogolo ndipo ali ndi mipeni itatu, uliwonse ndi mota yake. Panalinso makina ochotsera chipale chofewa, otipulira nthaka, macheka ndi zida zina zapamanja, zonse zodalira mavolti 36, amene pa thalakitala yanga amachokera m'mabatire 6 a mavolti 6 olumikizidwa motsatizana.

Kuphweka kumeneku n'kumene kunandipusitsa. Mota ya makina otipulira nthaka itapsa, ndinapeza ina ya mavolti 36, ndinaimangirira bwinobwino, n'kuilumikiza ndi mawaya amene ndinali nawo kale m'nyumba. Ndisanamalize n'komwe kutipula mzere wachiwiri, mawayawo anali atatentha moti sindikanatha kuwagwira, ndipo mota inkafooka nthawi iliyonse mano a makinawo akakumana ndi muzu.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndikanayenera kuwachita ndisanagwire sipanala. Horsepower imodzi, muyeso wa mphamvu ya mota, ndi mawati 746, ndipo pa mavolti 36 zimenezi zimafuna ma amp (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya) pafupifupi 21, tisanawerengere mphamvu imene imatayika ngati kutentha m'kati mwa mota. Mota ikamayamba kuzungulira, kapena ikakakamira m'dothi louma, imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamenepo. Mavolti akachepa, ma amp amachuluka pa ntchito yofanana, n'chifukwa chake waya wokwanira babu la m'nyumba ndi wochepa zedi pano. Ndinaika mawaya onenepa ndi aafupi, komanso fyuzi pafupi ndi mabatire, chifukwa mabatire oterewa angathe kusungunula chitsulo ngati mawaya agundana.

Nkhani ya switchi ndi imene ndimafuna kuti aliyense aimvetse. Magetsi a m'nyumba amasinthasintha mbali, motero moto umene umathetheka pozimitsa umazima wokha msanga. Magetsi a batire amayenda mbali imodzi, ndipo motowo umapitirira kuyaka mpaka kuwotcha switchi, mwinanso kumatiratu zitsulo zake moti chida chimangozungulirabe osazima. Pamafunika contactor, switchi yamphamvu yoyatsidwa ndi magetsi ochepa, yopangidwira magetsi a batire, ndipo kaswitchi ka pafupi ndi chiwongolero kazingoiyatsa ndi kuizimitsa.

Zonsezi zitakonzeka, malire enieni anatsala m'mabatire. Mota yoyendetsa matayala ndi ya chida zimamwa pa chitsime chimodzi, ndipo mabatire amtovu sakhalitsa ngati amatsitsidwa kawirikawiri kupitirira theka la mphamvu yake. Masiku ano ndimatipula nthaka m'mawa, ndimatchaja usiku wonse, ndipo kapinga ndimatchetcha mawa lake, nditayang'ana kaye madzi m'batire lililonse.