Supu wa Apongozi Anathera Kudenga

Kapepala kofotokoza kaphikidwe kanali ndi mizere 11. Ine ndinawerenga 10. Ndanena izi poyambirira kuti pasapezeke wina wonamizira dzungu, maapozi kapena blenda, chifukwa zonsezo zinagwira ntchito yake mokhulupirika.

Inali nyengo ija mitengo imafiira masamba n'kuyamba kuyoyola, dzuwa likulowa msanga, kamphepo kozizira kakukwawira pansi pa chitseko. Apongozi anga aakazi anali atabwera kudzacheza kwa sabata imodzi, ndipo anafika ndi chimfine. Usiku wonse tinkangowamva akutsokomola kuchipinda cha alendo. Loweruka m'mawa akazi anga akudandaula kuti mayi awo sakudya, ine ndinatsitsa kapu ya tiyi patebulo n'kulengeza kuti lero kukhitchini kulowa ine.

"Muphika chiyani, abambo?"

"Supu wa dzungu ndi maapozi. Wotenthetsa thupi."

"Munaphikapo?"

"Ndawerenga."

Anangondiyang'ana, kenako n'kuyang'ana mwana wathu wa zaka 8, ngati akumuuza kuti udzakhale mboni.

Ndili ndi kamatenda kena komwe ndiyenera kuulula. Mukandituma msomali, ndimabwera ndikudziwa mbiri yonse ya chitsulo, msomali nditauiwala. Usiku wa Lachisanu, m'malo mowerenga kapepala kaja mpaka pansi, ndinatembenukira ku mbiri ya zinthu zoti ndiphikezo. Ndiye pamene ndinkayala katundu pathebulo la kukhitchini, mutu wanga unali wodzaza ndi nzeru zosathandiza, ndipo zinkafuna potulukira.

Ndinanyamula dzungu lija, la mtundu wa butternut, lotalika khosi ngati belu, n'kuuza mwana kuti maungu anayamba kulimidwa ku Mexico zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Iye anafunsa ngati ili ndi limodzi mwa omwewo. Ndinanyamula apozi wobiriwira n'kunena kuti makolo a maapozi onse ndi mitengo yakutchire ya m'mapiri a ku Kazakhstan, kufupi ndi mzinda wa Almaty, ndipo uyu makamaka ndi Granny Smith, wotchedwa dzina la gogo wina, Maria Ann Smith, yemwe anapeza kamtengo kake katamera kokha pafupi ndi Sydney mu 1868.

"Gogoyo anasiyako malangizo a kaphikidwe?" anafunsa akazi anga ali pakhomo.

Funso limenelo ndinalitenga ngati nsanje.

Koma pa apoziyu ndinali ndi mfundo yeniyeni, ndipo mpaka lero ndimaiteteza. Butternut likaotchedwa limatsekemera kwambiri, moti mukaliphatikiza ndi apozi wotsekemeranso mumapeza phala la khanda. Pamafunika apozi wowawasa woti azilikoka khutu. Apa pokha ndiye ndinakhoza.

Nkhondo inayambira pathabwa lodulirapo. Mzere wachiwiri unkanena kuti dzungulo ulibaye ndi foloko, uliike mu maikulowevu mphindi ziwiri kapena zitatu kuti khungu lifewe, kenako udule kumutu ndi kumunsi kuti liziima osagubuduka. Ndinawerenga ndithu, koma ndinaona kuti amenewo ndi malangizo a anthu ofooka manja. Ndinaligoneka, n'kuzika mpeni pakati ndi mphamvu zonse. Mpeni unalowa theka n'kukanirira. Kuukankha, osapita. Kuukoka, osabwera. Ndinanyamula mpeni, dzungu linanyamuka nawo. Ndinayamba kulimenyetsa pathabwa, gu! gu! gu!, mbale zikulira m'kabati, mpaka apongozi anafunsa ali kuchipinda ngati kwabwera akalipentala.

Pomenya kachisanu ndi kawiri linang'ambika, chibenthu china n'kuthawira pansi pa firiji, nthanga zili balala. Ndinachitola, n'kuchitsuka, n'kuuza mwana kuti nkhani imeneyi ithere m'khitchini momuno.

Nditamaliza kusenda ndi kuduladula, ndinamva dzanja lamanzere likuuma. Ndikaliyang'ana, khungu lathina, likunyezimira ngati ndapaka guluu, zala zosafuna kupindika. Ndinatsuka ndi sopo, osasintha. Patapita kanthawi linayamba kung'aluka timizere n'kumasupuka. Mtima unagunda. Ndinayamba kuganiza za matenda onse a khungu amene ndinawaonapo pazithunzi, ndi kuti ndani adzalera mwanayu.

"Amama, bwerani mudzaone! Adadi akufundula ngati njoka!"

Akazi anga anabwera, anagwira dzanja lija, analitembenuza kawiri, n'kunena kuti ndi utomoni. Dzungu likavulazidwa limatulutsa timadzi tomata toti titseke bala lake, ndiye timadzito tikaumira pakhungu la munthu timachita chimodzimodzi. Mwachidule, dzungu linkayesa kundichiritsa, ine amene ndinalimenyetsa pathabwa kasanu ndi kawiri. Anati chimatha chokha, ndipo ena amavala magolovesi posenda. Ndinafunsa kuti adziwa bwanji. Anati zalembedwa pamzere wachitatu, womwe ndinangouwerenga mothamanga.

Kuchokera apo zinthu zinayenda bwino, ndipo kuyenda bwinoko ndi kumene kunandipha. Zidutswa za dzungu ndinazipaka mafuta ndi mchere, n'kuziika mu uvuni wa madigiri 200 kwa mphindi 35, mpaka m'mbali mwake munachita kapsipsi kofiirira. Mu poto ndinasungunula batala n'kukazinga anyezi pamoto wochepa, osathamanga, mpaka anafewa n'kuyamba kuwala. Adyo, jinja wopala, maapozi awiri osenda, lita imodzi ya msuzi wa nkhuku, kasinamoni kotapa ndi nsonga ya supuni, ndi nutmeg wongonunkhiritsa, chifukwa ameneyo akachuluka amawawa. Ndinathiramo dzungu lija n'kusiya kuti zibwate pang'onopang'ono mphindi 20.

Fungo lake, abale! Linatuluka m'khitchini, linadutsa pabalaza, linakagogoda kuchipinda cha alendo. Ndinamva chitseko chikutseguka, masilipasi akukhwekhwereza. Munthu amene mphuno zake zinali zitatseka masiku atatu anali atamva kanthu. Ndinalawa msuzi ndi supuni, ndipo ndikulumbira kuti sindinaphikepo chinthu chokoma chotero m'moyo wanga. Kutsekemera kwa dzungu kunkabwera koyamba, kuwawasa kwa apozi n'kutsatira pambuyo, jinja n'kumalizira kukhosi. Mapewa anakwera okha. Ndinayamba kuyenda m'khitchini ngati ndine mwini hotela, kansalu kopukutira mbale kali paphewa.

Mzere wa 10 unkati: gayani mu blenda mpaka asalale. Ndinaika kapepala pansi. Munthu wafika pamenepo angafunenso kuuzidwa chiyani?

Jagi ya blenda yathu imalowa lita imodzi ndi theka. Ndinaphula poto akubwatabe, n'kukhuthulira m'jagi mpaka pakamwa penipeni, poti ndinkafuna kugaya maulendo awiri okha, osati anayi. Ndinavindikira n'kutsindira chivindikiro ndi chibakera kuti pasatuluke ngakhale kampweya.

"Abambo, simudikira kuti azizireko?"

"Supu wotenthetsa thupi azizire? Nanga dzinalo likhala la chiyani?"

"Kapepalako mwawerenga mpaka pansi?"

"Kuphika ndi sayansi, amayi. Mukaimvetsa, kapepala n'kongokumbutsa."

Anagwira mwana paphewa n'kubwerera naye m'mbuyo masitepe atatu. Ndinaona, koma ndinaganiza kuti akundipatsa malo mwaulemu. Nthawi yomweyo apongozi anatulukira pakhomo la khitchini atavala juzi yawo yoyera, yomwe amaisunga ngati dzira, kampango kali kumphuno. Ndinaona kuti Mulungu wanditumizira oonerera pa nthawi yake. Blenda ili ndi mabatani asanu. Ndinasankha lomaliza.

Phuu!

Chivindikiro sindinachione chikuchoka. Ndinangomva chikumenya denga, kenako kuwomba poto wina uko. Pamalo pomwe panali jagi panaima chipilala chachikasu chofika kudenga, chomwe chinayanzika ngati ambulera n'kuyamba kugwa ngati mvula. Magalasi anga anatsekeka onse awiri. Ndili mumdima wachikasuwo ndinapapasa kuti ndizimitse, chala n'kugwera pa batani lija limangozungulira ukalidina, ndiye blenda inalavulanso kawiri, vuu! vuu!, ngati ikutsindika mfundo. Amene anazula pulagi kukhoma ndi akazi anga.

Kenako zii.

Ndinavula magalasi. Supu anali paliponse. Anali pamakatani, pakalendala, pachitseko cha firiji, pa wotchi yapakhoma, mkati mwa tosita, mu nsapato za mwana zomwe sindikudziwa kuti zinkatani m'khitchini. Kudenga kunali chithunzi chachikulu chooneka ngati mapu a dziko lina losadziwika, zilumba zake zomwe. Kachidutswa ka anyezi kankatsetsereka pang'onopang'ono pagalasi la zenera, tonse tikukayang'ana, mpaka kanafika pansi. Ndiye ndinatembenuka.

Apongozi anali chiimire pakhomo paja. Juzi yoyera ija inali ndi madontho kuyambira paphewa mpaka m'chiuno ngati nkhanga yachikasu. Dontho lina linali pachipumi. Mwamwayi anali patali, moti anawafika atapolako. Ine ndinangoti kakasi, pakamwa pali yasa, ndikufunafuna mawu aulemu oyenera munthu amene wasambitsa apongozi ake ndi dzungu. Mawu oterowo kulibe.

Iwo anatenga chala, anapala dontho la pachipumi lija, n'kulawa. Anatafuna pang'ono, maso ali kudenga.

"Mchere wachepa, apongozi."

Mwana ndiye anayamba. Anagwa pansi ndi phwete, akazi anga n'kutsatira atagwira chitseko, kenako apongozi anaseka mpaka chifuwa chinawabanika, misozi ili mbwembwembwe. Ine kuseka kunandikanika chifukwa apa m'pamene mkono wakumanja unayamba kulankhula. Kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono unali psuu, ukunyeka. Ndinathamangira batala. Apongozi anandimenya padzanja ngati mwana woba shuga, n'kundikokera kusinki, n'kutsegula mpopi wa madzi ozizira. Anati batala, mafuta kapena mankhwala otsukira mano zimangotsekera kutentha mkati, ndipo ayisi amawononga khungu. Madzi oyenda, mphindi 20, osachotsa.

Mphindi 20 ndi zambiri ukakhala utawerama pasinki, apongozi atakugwira chigongono, supu akukudontha m'khutu. Ndipo akazi anga sanazitaye pachabe. Anatola kapepala kaja pansi, anakapukuta ndi chala, anakonza kukhosi, n'kuwerenga mzere wa 11 mokweza ngati chilengezo cha kutchalitchi. Supu wotentha musamugaye atangophulidwa, dikirani apoleko. Jagi isapitirire theka. Chotsani kachivindikiro kakang'ono kapakati, phimbani bowolo ndi kansalu kuti nthunzi izituluka, ndipo yambani ndi liwiro lochepa.

Anawerenga kawiri. Kachiwiriko anawerengera mayi awo, poti mwina sanamve bwino ndi chimfine.

Apa nzeru zanga zija zinadzukanso, mochedwa monga mwa masiku onse. Ndinayamba kufotokoza, mutu uli m'sinki, kuti n'zomveka ndithu, chifukwa mipeni ya blenda ikamwaza madzi otentha, nthunzi imatuluka yambiri nthawi imodzi, mpweya wotsekeredwa uja umatentha n'kufufuma, ndipo madzi akasanduka nthunzi amafuna malo ochuluka pafupifupi maulendo 1,700 kuposa poyamba, ndiye chivindikiro...

"Safunsa anadya phula," anatero apongozi, n'kukankhira mkono wanga pakati penipeni pa madzi.

Mu poto munali mutatsala pafupifupi lita imodzi. Ine ndinapatsidwa mopu, ndowa ndi mpando woti ndikwerepo. Ndili m'mwambamo ndikupala denga ndi dzanja limodzi lofundula, linalo lomangidwa kansalu konyowa, ndinaona wodwala uja, amene ndinalonjeza kuti lero apume, akupinda manja a juzi yamadontho. Anatenga sefa ndi chipande. Anathira supu pang'onopang'ono, n'kumakanikiza ndi kumbuyo kwa chipande, mozungulira, osafulumira. Pasanathe mphindi 10 m'mbale yapansi munali supu wosalala kuposa amene blenda ikanatulutsa. Anathira mchere, anafinyira kandimu, anazunguliza kakirimu pamwamba. Magetsi sanagwiritse ntchito, ndipo za Kazakhstan sanatchuleko.

Chikasu cha dzungu sichichoka msanga. Ndinapukuta mpaka khosi linauma, koma mapu aja anangosanduka otuwa, osafufutika. Chivindikiro tinachipeza Lachiwiri pamwamba pa kabati.

Madzulo a Loweruka lomwelo tinakhala pathebulo la m'khitchini momwemo, anthu anayi, timbale tinayi tosadzaza. Apongozi anamwa wawo yense, thukuta lili kamukamu pamphuno, n'kupuma mpweya wautali ndi mphuno zonse ziwiri koyamba m'sabata imeneyo. Anapala mbale ndi supuni. Ndinaona kuti mwina ulemu wanga ungabwerereko pang'ono, ndiye ndinakankha kambale kanga mwaulemu kuti ndiwagawireko.

Ndisanatsegule pakamwa, kuchokera pamphepete pa chophimbira babu, pomwe mopu sanafike, dontho lalikulu lachikasu linalendewera, linatalika, n'kugwera pakati pa mbale yawo yopanda kanthu. Tho!

Apongozi anayang'ana m'mbale, anayang'ana kudenga, kenako anandibwezera kambale kanga.

"Imwani wanuyo, apongozi. Wanga wowonjezera akubwera yekha."