Ku Aqaba woyamba kumene amaonanso zomira

Ndangomva wina akuti kuona sitima zomira ndi za akatswiri okha a scuba, kusambira pansi pa madzi utanyamula silinda ya mpweya wopuma. Ayi ndithu! Ku Aqaba, ku Jordan, pa Nyanja Yofiira, kasinja wankhondo yemwe anamizidwa dala mu 1999 ali pa mamita 6 okha, pafupi ndi gombe, ndipo nsomba zinamusandutsa nyumba. Sitima ya Cedar Pride, yomizidwa mu 1985, inagona chammbali pa mamita oposa 25, koma mbali yake yakumwamba ili mkati mwa mamita 18 omwe satifiketi ya oyamba kumene, ya Open Water, imalola.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi changu cha ophunzira. Potsika, tsinani mphuno n'kupemerera pang'ono mita iliyonse, makutu asanapweteke. Akapweteka, kwerani pang'ono muyambirenso. Pokwera musagwire mpweya, chifukwa umafufuma m'mapapo n'kuwavulaza. Imani mphindi 3 pa mamita 5, mutuluke silinda ikadali ndi 50 bar (muyeso wa mpweya wotsalamo).

M'kati mwa sitima musalowemo musanaphunzire: zipsepse zovala kumapazi zikavundula matope, khomo simulionanso. Manja akhale pachifuwa, chifukwa nsomba yotchedwa lionfish imabisala m'zitsulomo ndipo minga yake ili ndi ululu.