Tchizi ndi vinyo ku Senga Bay

Dzulo ku Senga Bay alamu anga ochokera ku Joni anatulutsa tchizi cha cheddar ndi botolo la Pinotage, vinyo wofiira wa ku South Africa. Ine ndinaseka, ndimayesa tchizi n'chodyera buledi basi.

Koma abale inu! Ukaluma kachidutswa n'kumwera, kuuma m'kamwa kuja kwa vinyo wofiira kumazilala, mafuta a tchizi ndi amene amafewetsa. Ndinayesanso ndi Green wozizira, zinayenda bwinobwino.

Tchizi chankhungu yabuluu chokha ayi, fungo lake ngati usipa woiwalika m'thumba. Alamu akuti chimafuna vinyo wotsekemera, ine ndinati adye okha.

Kutentha kwa kuno nakonso, tchizi chinayamba thukuta tisanafike n'pakati pa botolo.