Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Amayi ndi Sikelo ya Venda

M'gawo lapitali ndinafotokoza za maliro a bambo anga. Pofika 1994, ndili ndi zaka 14, munda wathu wa mtedza ku Mchinji unatsala m'manja mwa amayi okha. Sukulu anailekezera Sitandade 2, choncho zowerengera zonse zinali zanga.

Nthawi imeneyo mavenda anali atachuluka m'midzi, akumapachika sikelo pamtengo wa mango n'kumagula mbewu. Aliyense ankadandaula kuti masikelowo amaba, koma madandaulowo ankathera kuchitsime. Tsiku lina tinasenza chalimbana wathu kupita naye kwa mmodzi wa iwo. Itakwana nthawi yathu, amayi anamasula kansalu n'kutulutsa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, yosatsegula.

"Bambo, tayambani mwayeza ichi."

Muvi wa sikelo sunafike pa 1. Bamboyo anakwiya: "Mayi, mukufuna kundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi bambo, ntchito ndi yanu, koma mtedzawu ndi wanga."

Anatero modekha, atagwada ngati mmene amachitira polankhula ndi munthu aliyense wamkulu. Ine manyazi anandigwira mpaka ndinabisala kumbuyo kwa thumba. Amayi ena amene anali pamzere anayamba kusenzanso katundu wawo, ndipo bamboyo anakonza sikelo yake anthu onse akuona.

Pobwerera anandifunsa kuti, "Iwe, ndinamutukwana munthu uja? Ndinakuwa?" Ndinati ayi. "Ndiye manyazi ako achokera pati? Kufunsa si mwano."

Pakhomo pathu mphekesera sizinkalowa mwachisawawa. Ukabwera ndi nkhani, kaya ya ufiti kaya ya ndale (chinali chaka cha chisankho chimene chinalowetsa a Bakili Muluzi m'boma, ndipo nkhani zinali mbwee), amayi ankafunsa kuti, "Wakuuza ndani? Iyeyo anaona ndi maso ake?"

Koma chimene chinandiumba kwambiri n'chakuti ankalola kuti nanenso ndiwafunse. Nditatha msinkhu, anankungwi anandilangiza kuti ndikakhala kumwezi ndisamathire mchere m'ndiwo, kuopa kudula anthu. Ndinasunga funso langa masiku angapo, kenako madzulo ena tikutongola mtedza ndinalimba mtima: "Amayi, mcherewo umadziwa bwanji kuti wauthira ndani?"

Ndinkayembekeza mbama. Iwo anakhala chete, akuswabe makoko, kenako anati, "Mwanawe, sindidziwa. Inenso ndinangouzidwa. Kwa agogo ako uzitsatira, uwalemekeze. Koma funso lakolo usalitaye."

Mayi wamantha sanganene mawu akuti sindidziwa kwa mwana wake wamkazi, chifukwa amaopa kuti ulemu wake utha. Ndinkaona kwa anzanga ena: funso lililonse yankho lake linali "mwana wamwano iwe", ndipo anaphunzira kungovomera. Ndimawamvera chisoni amayi awo aja, pakuti nawonso analeredwa choncho. Komabe mtsikana amene wazolowera kungoti inde kunyumba amakanenanso inde kwa mwamuna woyamba kumulonjeza sopo ndi nsapato.

Chaka chomwecho boma linachotsa fizi ku pulayimale, ana anadzaza mpaka ena ankaphunzirira pansi pa mitengo. Amalume anabwera kudzanena kuti sukulu yoteroyo ilibe phindu, ndipo kuli mnyamata wina wa fodya amene akundifuna. Amayi anawayalira mphasa, anawaphikira nkhuku, anamvetsera zonse. Kenako anandiitana kukhitchini komwe ndinali, ndipo pamaso pa amalumewo anandifunsa kuti, "Mwini wake ndiwe. Ukuganiza bwanji?"

Zimene ndinayankha, ndi mkangano umene unabuka pabanja pathu, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.