Mmene ndinasankhira kompyuta yoti pulogalamu yanga ya tchesi ipikisanirepo

Nditalembetsa pulogalamu yanga pa mpikisano wa mapulogalamu okhaokha a tchesi, ndinayamba ndawerenga malamulo ndisanatulutse ndalama. Mipikisanoyi imasiyana. Ku mpikisano wotchedwa TCEC mapulogalamu amasewera pa makina a eni mpikisano, pomwe ku mpikisano wa dziko lonse wa bungwe la masewero a makompyuta la ICGA aliyense ankabwera ndi ake, moti pulogalamu yotchedwa Jonny inapambana ku Leiden mu 2015 ikuyendera pa ma core 2,400 (core ndi kachigawo kowerengera ka mu CPU, ubongo wa kompyuta). Wathuwu unali woti aliyense agwiritse ntchito kompyuta yake kudzera pa intaneti.

Anzanga ambiri ankati ndigule GPU yamphamvu ya Nvidia, chipangizo cha zithunzi chimene chimawerengera zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndinakana. GPU imafunika kwa mapulogalamu onga Leela Chess Zero. Yanga inamangidwa mofanana ndi pulogalamu ina ya tchesi, Stockfish: imafufuza mayendedwe miyandamiyanda pa sekondi, ndipo NNUE yake, njira yoyezera amene ali patsogolo pa bolodi imene Stockfish inayamba kugwiritsa ntchito mu 2020, imayendera pa CPU. Ndalama zonse ndinazilunjika kumeneko.

Apa mpamene ndinachedwa. M'thumba mwanga munkakwana imodzi mwa ma CPU awiri: Ryzen 9 3900X yogwirapo kale ntchito, ya ma core 12, kapena Ryzen 7 5800X ya ma core 8. Mtima unkathamangira ku 12. Koma ma core akachuluka kawiri, mphamvu ya masewero siikwera kawiri ayi, chifukwa nthawi zambiri amabwereza kufufuza zimene mnzawo wafufuza kale. Chinanso, pulogalamu yanga imadalira lamulo la CPU lotchedwa PEXT powerengera mayendedwe a bishop ndi rook, ndipo lamuloli ndi lochedwa pa ma Ryzen 3000, monga 3900X. Linakonzedwa pa ma Ryzen 5000, monga 5800X. Ndinapempha anzanga awiri amene ali ndi makinawa kuti andibwereke usiku ungapo. Ndinaseweretsa pulogalamu yanga ndi mdani mmodzimodzi, pa nthawi yofanana ndi ya mpikisano, masewero mazanamazana mbali zonse. Ya ma core 8 siinatsalire m'mbuyo, ndiye ndinatenga imeneyo poti inali yatsopano.

RAM, momwe kompyuta imasungira zinthu kwakanthawi ikamagwira ntchito, siinandivutitse. Ndinaika ya 32 GB, theka lake n'kupereka kwa hash, momwe pulogalamu imasungira zimene yawerengera kale.

Kumapeto kwa masewero ndimadalira matebulo a Syzygy, osunga mayankho owerengeredwa kale a pamene zidutswa zatsala zochepa pa bolodi. A zidutswa 5 sakwana 1 GB, a zidutswa 6 ndi pafupifupi 150 GB, koma a zidutswa 7 amapitirira 16 TB. Ndinaima pa 6, ndipo ndinawaika pa SSD ya NVMe, chosungira mafayilo chachangu, chifukwa pa hard disk yakale pulogalamu imangodikira yankho wotchi ikuyenda.

Zimene ndinkaopa kwenikweni ndi kutentha ndi magetsi. CPU ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro mosakuuzani, ndiye ndinagula chozizilitsa chachikulu n'kusiya zokweza liwiro kupitirira muyezo. Kwathu magetsi amathima osatsanzika, ndipo ukasowa pa intaneti nthawi yako n'kutha, waluza ngakhale unali patsogolo. Ndinagula UPS, batire losunga magetsi, n'kulumikizapo kompyuta ndi router yomwe.

Kutatsala masiku awiri kuti mpikisano uyambe, ndinaisiya kompyuta ikusewera usiku wonse zenera lili chotseka. M'mamawa ndinazula pulagi kukhoma masewero ali mkati. UPS inalira, koma pulogalamu inasuntha knight yake n'kupitiriza.